Za dizilo mu Hiace yanu ija achimwene

Achimwene funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma ndinali nditatopa nde ndati ndiyankhe lero mutu uli bwinobwino. Mwati Hiace yanu ya petulo, ya 1RZ ija, yayamba kufuka utsi komanso ikumwa oyilo, mukufuna muikemo injini ya dizilo poti mumanyamula katundu kupita naye ku Blantyre, ndipo wina wake ku Magaba, msika wa zitsulo wa ku Mbare kuno ku Harare, wakuonetsani injini ya dizilo ya TD27 yotchipa. Ine ntchito imeneyi ndinaipangapo pa kombi yanga nde ndingokuuzani zomwe zinandionekera.

TD27 yo isiyeni kaye. Sikuti ndi injini yoipa ayi, ndi bulu weniweni ameneuja, ilibe ndi lamba wa timing yemwe, imayendera magiya. Koma kwawo ndi mu Nissan Caravan. Kuti ikhale mu Hiace nde kudula, kuwotcherera mamauntini ena, kusintha propushafti, giya liva kukatulukira pamalo pena, mapeto ake ndalama yomwe mwapulumutsa pogula ikathera kwa owotcherera, ndipo tsiku lomwe china chathyoka muli ku Mutoko, pa njira yopita ku boda, palibe sipeya yomwe ingangolowa, chilichonse ndi chochita kusula. Pamene Hiace ya thupi limenelo, zija anayamba kupanga mu 1989, inkatuluka ku fakitale ili ndi injini za dizilo za Toyota zotchedwa 2L, 3L kapena 5L, kutanthauza kuti malo a dizilo alimo kale, zinthu zimangomangika ndi mabauti.

2L ndi ya malita 2.4 ndipo kwa munthu wa katundu ngati inu ndi yofooka, pajatu Harare tili pamtunda pafupifupi mamita 1,500, mpweya ndi wopepuka, injini yopanda tebo imafika kuno itachepa kale mphamvu. Sakani 3L ya 2.8 kapena 5L ya 3.0, koma ya pampu wamba. Ija ya 5L-E komanso 1KZ-TE zimafuna kompyuta ndi mawaya ake onse, 1KZ yo imakoka zoopsa inde koma akakugulitsani yopanda kompyuta mwagula mutu waukulu.

Tsono chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, musagule injini yokha. Gulani half-cut, ndiye kuti theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa lokhala ndi injini ndi zonse zake, kapena Hiace ya dizilo yomwe inachita ngozi kumbuyo, mutenge zonse pamodzi. Ine ndinapusa pomwepa. Ndinagula injini yokhayokha itakhazikidwa pa tayala, ndikuti ndapata, kenako kunali kuzungulira Kaguvi Street ndi Gazaland, kogulitsa masipeya kuja, masabata angapo, lero giyabokosi sikugwirizana, mawa sitata, mkuja fulaiwilo ndi klatchi, kenako fyuluta ya dizilo ija ili ndi kapampu kopopa ndi dzanja pamwamba, kenako rileyi ya ma glow plug (timapulagi totenthetsa injini ya dizilo isanalire), paipi yobwezera mafuta ku thanki, batire lalikulu chifukwa kaja ka petulo kamangoti kwe kwe basi. Tinthu timeneti kamodzikamodzi timaoneka totchipa koma mukawerengetsera pamodzi mumagwira pakamwa, ndipo ogulitsa akaona kuti galimoto ili pa majeki amadziwa kuti simuchitira mwina.

Ndipo mabuleki, apa nde mumvetsetse. Injini ya petulo imapanga yokha vacuum, mphamvu yokoka mpweya, yothandizira mabuleki, ya dizilo ayi, imadalira kapampu kamene pa 3L kamakhala kumbuyo kwa olutaneta. Yanga inabwera ilibe olutaneta, makaniko wanga, dzina ndisatchule, anangotenga ina wamba nkumangapo, injini kulira bwinobwino tonse kusangalala. Kutuluka nayo kukayesa, kufika pa maroboti ndaponda buleki, pedulo gwa ngati ndaponda njerwa, ndinachita kuimirira pa mpando ndikukoka handibuleki, kombi inakaima chala chimodzi kuchoka pa bampala ya lole. Thukuta lomwe ndinatuluka tsiku limenelo mu June, kaya. Nde musanatuluke pa geti onani ndi maso anu kuti paipi yochoka pa kapampuko yafika ku booster, chija chimafewetsa pedulo ya buleki.

Thanki itsitsidwe itsukidwe, osangokhetsa petulo basi, pampu ya dizilo imadalira mafuta omwewo kuti isaperepeseke nde petulo ndi zinyalala ndi adani ake. Ma glow plug onse anayi akhale amoyo, apo ayi kuzizira kwa July mudzakhala mukudzutsa maneba kuti akukankheni, ndipo dizilo kukankha kwake si masewera.

China ndi kutentha. Ma injini a L amenewa ndi opirira koma akangowira kamodzi hedi imatha kung'aluka, ndipo inu njira yanu ndi ya Nyamapanda kudzera ku Tete, nonse mukudziwa mmene kumawotchera kumeneko, kenako mukwere mapiri aja opita ku Zobue mutadzaza. Radiyeta ya petulo yokalambayo musayerekeze, ikani ya dizilo yabwino, fani yake igwire, themositati musachotse ngati mmene amachitira anyamata ena. Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 100,000 koma poti injini ya half-cut simukudziwa mbiri yake, sinthiranitu ikadali pansi, ndi wotapampu yomwe, ntchito yake imaphweka isanalowe pansi pa mpando paja. Pogula auzeni ailize ili yozizira inu muli pomwepo, mutsegule chotsekera oyilo muone ngati ikupemerera utsi wambiri, mukapeza aitenthetsa kale musanafike dziwani kuti pali chomwe akubisa.

Mapepala musawatenge mopepuka. Injini ikhale ndi nambala yooneka bwino yosakhulidwa, wogulitsa akupatseni lisiti lolembapo nambalayo, mukachite clearance ku polisi ya za magalimoto ku Southerton kenako buku la galimoto lisinthidwe ku CVR, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, ndi a inshulansi muwauze. Munthu wodutsa ma boda a maiko atatu, buku likunena petulo pamene galimoto ikulira dizilo, mudzafotokoza mpaka malovu kuuma.

Koma ndikufunseniko, pa mwezi mumayenda maulendo angati? Chifukwa kuno mtengo wa dizilo ndi petulo susiyana kwenikweni, phindu limabwera poti dizilo imayenda mtunda wautali pa lita, nde ngati Blantyre yo ndi kamodzi pa miyezi itatu, kwinaku mukungozungulira Mbare ndi Mufakose, ine ndikanangopanga overhaul 1RZ yo, ndi injini yosavuta ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Ngati ndi kawiri pa mwezi apo nde dizilo ibweza ndalama yake. Komanso lowani pansi ndi tochi mugogode chesisi, makamaka pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo ndi pansi pa chitseko chokoka chija, dzimbiri likakhala ladya pamenepo injini yolemera ngati 3L mukungoipatsa thupi lomwe silingainyamule.

Jambulani pansipo ndi nambala ya chesisi munditumizire ku inbox, Loweruka mmawa ndikhala ku Gazaland ndikusakira mnzanga ma nozzle, ngati mungafike tikaonere limodzi ma half-cut omwe alipo.