Amuna anga akufuna tiwoloke nyanja ndi ana pa boti la matanga, ndivomere?

Imelo iyi inafika Lachitatu usiku ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Mayi wina wakumudzi amene akukhala ku Durban akuti amuna awo agula boti la matanga, akufuna chaka chamawa banja lonse liwoloke Atlantic mpaka ku Brazil, ndi ana awiri, wina wa zaka 8 wina 5. Funso lawo ndi lalifupi: "Amayi anga akuti ndikavomera ndiye kuti ana angawa sindiwakonda. Inu munapitapo, ndivomere?"

Achemwali, mawu a amayi anuwo ndinawamvapo ndendende, ochokera kwa amayi anga pa foni, tili pa doko ku Cape Town tikulongedza katundu. Iwo anakulira mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota ndipo nkhani ya sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 nkupha anthu 145 anaimva ali kamtsikana, sinawachoke mpaka lero. Ngakhale Ilala samaikwera, amalolera kuzungulira pa basi masiku awiri. Ndiye mwana wawo akuwauza kuti akutenga zidzukulu, wina wa zaka 7 wina 4, pa kaboti kotalika mamita 12, kupita kumene kulibe ngakhale phiri loti uliloze. Analira, kenako anadula foni. Ine ndinakwiya, ndinkati sakumvetsa za masiku ano, boti lili ndi GPS, lili ndi foni ya satelayiti, abambo a ana akhala akuyendetsa maboti zaka zambiri, ntchito yawo inali imeneyo yokasiya maboti atsopano kwa eni ake kutsidya kwa nyanja. Lero ndimaona kuti amayi ankanena zoona, kungoti chimene ankaopa iwo ndi chimene chinadzandiopsa ine zinali zinthu ziwiri zosiyana.

Tinanyamuka mu Januwale chifukwa ndiyo nyengo yake. Kuchoka ku Cape Town kukafika pa chilumba cha St Helena ndi mtunda wa makilomita opitirira 3,000, ife tinayenda masiku 13. Masiku atatu oyambirira musalole munthu akunamizeni, ndi oipa. Madzi a kumeneko ndi ozizira chifukwa cha mtsinje wa mnyanja wotchedwa Benguela wochokera kummwera, mphepo ndi yamphamvu, mafunde amabwera chammbali, usiku pamadutsa sitima zikuluzikulu za katundu zoti sizingakuoneni nkomwe. Wamkulu anasanza tsiku loyamba lonse mpaka milomo kuuma, ine ndimamumwetsa madzi a shuga ndi mchere ndi supuni, pang'onopang'ono, inenso ndili ndi ndowa yanga pambali. Wamng'onoyo ayi, ankangodya mabisiketi nkumafunsa kuti tifika liti. Tsiku lachinayi zonse zinangoleka zokha, thupi linazolowera, kunayamba kufunda, mphepo inakhazikika kumbuyo kwathu. Ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa, ngati mwera wathu uja wa pa nyanja ya Malawi mwezi wa Juni, koma iyi siyisintha maganizo, imawomba usana ndi usiku kwa masabata, imangokukankhani basi.

Ndipo ana, ndikuuzeni, ana amakhala bwino kuposa ife akuluakulu. Mmawa uliwonse ntchito yawo inali yotola nsomba zouluka zimene zagwera pa boti usiku, amaziwerenga, amazilemba mu kope, tsiku lina zinakwana 11 ndi kanyama kamodzi ka mnyanja ka miyendo yambiri kamene kanadetsa pansi ndi inki yake. Sukulu timapanga ola limodzi kapena awiri mmawa nyanja ikakhala yabwino, masamu ake anali owerengera mtunda umene tayenda dzulo ndi kuika kadontho pa mapu a pepala. Usiku wina ndinawadzutsa kuti aone madzi akuwala kumbuyo kwa boti ngati munthu wamwaza ziphaniphani, wamng'ono anandigwira dzanja osayankhula kanthu kwa nthawi yaitali. Zimenezi sindingazinyoze, ndimazikumbukira ndipo misozi imalengeza.

Nsima timadya, inde, anthu ambiri amandifunsa zimenezi. Ufa ndinaika mu zigubu za pulasitiki zotseka bwino kuopa chinyontho ndi anankafumbwe. Chitofu cha pa boti chimalendewera kuti poto akhale chilili boti likamapendekeka, komabe phala lowira ndi loopsa kuposa mafunde, likakukhuthukira pa ntchafu chipatala chili masiku 6 kutsogolo. Ndimaphika nditavala buluku la pulasitiki la mvula lija ngakhale kukutentha, ana ndawathamangitsira kunja kwa bambo awo. Tomato anatha sabata yoyamba, kabichi, anyezi ndi maungu zinafika mpaka kumapeto, mazira ndimawatembenuza masiku awiri aliwonse. Tikagwira nsomba ija amati dorado, yobiriwira ngati golide, ndiye linali phwando. Madzi akumwa ndiwo anali nkhani, mbale timatsuka ndi madzi a mchere nkungotsukuluza ndi kapu imodzi ya abwino, kusamba kunali kwa botolo limodzi munthu mmodzi pakapita masiku atatu.

Koma taonani zimene ndakhala ndikufotokozazi. Kuphika, kutsuka, kuphunzitsa, kupukuta masanzi. Ine pa ulendo woyambawo ndinali mayi wa pakhomo amene khomo lake likuyandama, basi. Ulonda wa usiku ndimalondera nawo, maola atatu iwo atatu ine, koma ulonda wanga unali wongoyang'ana magetsi a sitima ndi kuwadzutsa chikasintha chilichonse. Matanga sindimawagwira, injini sindimadziwa poyatsira pake bwinobwino, chiwongolero chimayendetsedwa ndi makina. Ndipo palibe amene anaona vuto, ngakhale ine.

Usiku wa chisanu ndi chitatu ndinadzidzimuka cha mma 2 koloko chifukwa boti limamveka mwachilendo, thanga likumenya ngati chinsalu pa chingwe. Ndinakwera pamwamba. Pamalo pokhala woyendetsa panalibe munthu. Kapu yawo ya tiyi ili pomwepo, chingwe chawo chodzimangirira chili pampando, chosamanga kwa munthu. Ndinaitana, zii. Ndinaitananso mokuwa, mphepo inangotenga mawu anga. Mdima unali woti dzanja lako suliona, kunalibe mwezi, boti likuthamanga lokha ndi ana anga awiri akugona pansi. Mwina inali mphindi imodzi yokha, sindikudziwa, koma mu mphindi imeneyo ndinadziwa chinthu chimodzi poyera: ngati munthuyu ali mmadzi kumbuyoko, ine sindingathe kutembenuza boti ili. Sindikudziwa chingwe choyamba kumasula. Ndikanangoima pamenepo nkumapita ku Brazil iye akutsalira, ndipo kenako ndikanatsala ndi ana pakati pa nyanja pamene helikopita singafike. Kenako ndinaona katochi kakuyenda kutsogolo kwa mlongoti. Anali atapita kukakonza chingwe chimene chinakodwa, osandidzutsa chifukwa ati ndinali nditatopa kwambiri, osadzimangirira chifukwa ati inali ntchito ya kanthawi kochepa.

Sindinawayankhule masiku awiri. Pa boti la mamita 12 kusayankhulana ndi chinthu cholemera kwambiri, mulibe kothawira, simungapite kwa aneba kapena kwa ankhoswe, mumapatsirana mbale mwakachetechete ana akukuyang'anani. Wamkulu anafunsa kuti kodi adadi alakwa chiyani ndipo ndinalephera kumuyankha.

Ndiye apa ndiyankhule mosabisa, ndipo amene akwiye akwiye. Mwamuna amene akufuna kutenga mkazi ndi ana kuwoloka nyanja koma sakufuna kutaya miyezi yophunzitsa mkaziyo kuyendetsa boti yekha, ameneyo sakutenga banja pa ulendo, akutenga wophika ndi wolera ana kuti loto lake liyende bwino. Ndimaona mavidiyo a mabanja awa pa YouTube, dzuwa likulowa, ana akuseka, mayi atanyamula buledi wotentha, ndipo ndimafuna kufunsa mayiyo funso limodzi lokha, kuti bambowo atakomoka pano mungachepetse thanga nokha usiku? Ambiri sangathe. Ndakumana nawo pa madoko, azimayi anzeru, ena manesi ena aphunzitsi, koma pa boti anauzidwa kuti "iwe usadandaule, ine ndilipo". Mawu amenewo ndimadana nawo ndi mtima wanga wonse. Munthu mmodzi akhoza kuterereka, akhoza kudwala mmimba, chitsulo cha thanga chikhoza kumumenya mmutu, ndipo ana anu atsala ndi inu.

Titafika ku St Helena ndinawauza kuti ndege ya ku Johannesburg imabwera kamodzi pa sabata, ndipo ine ndi ana tikwera imeneyo pokhapokha zinthu zisinthe. Tinakhala pa chilumbacho masabata atatu. Mmawa uliwonse timatuluka kuseri kwa chilumba kumene kulibe mafunde ambiri, iwo amaponya chigubu chomangirira ku ndowa mmadzi osandichenjeza, nkukhala pansi manja atapinda, pakamwa atatseka. Ine ndidine batani losunga malo pa GPS, ndiyatse injini, nditsitse matanga, nditembenuke, ndikachitole. Tsiku loyamba zinanditengera pafupifupi ola ndipo ndinachiphonya kanayi, ndinalira ndi mkwiyo. Wamkulu ntchito yake inali yoloza chigubucho ndi chala osachotsapo maso, chifukwa mutu wa munthu mmafunde ukangousiya kamphindi suupezanso. Pofika sabata yachitatu ndimachitola ndisanathe mphindi 10.

Chilumbachi chinandichitanso china chimene sindimayembekezera. Alendo onse amathamangira ku Longwood kukaona nyumba imene Napoleon anafera mu 1821, ndi kukwera masitepe 699 a Jacob's Ladder ku Jamestown, ifenso tinakwera, wamng'ono ndinachita kumubereka theka lake. Koma kuseri kwa phiri kuli chigwa cha Rupert's, kumene kunaikidwa anthu akuda zikwizikwi amene asilikali a pamadzi a Britain anawalanditsa mu sitima za akapolo zopita ku Brazil zaka za mma 1840 kupita mtsogolo. Anafika atafooka kale ndipo ambiri anafera pomwepo, ambiri mwa iwo anali ana. Ndinaima pamenepo ndi ana anga ovala zipewa ndi mafuta oteteza dzuwa, ndikuganiza kuti sitima zina zopita ku Brazil zinkanyamukira ku Quelimane, ndipo njira za ku Quelimane zinkachokera kwathu komwe kuja ku Shire ndi ku nyanja. Madzi omwewa, mphepo yomweyi. Ulendo wachiwiri wonse, masiku 14 mpaka ku Salvador ku Brazil, ulonda wanga wa usiku ndimawaganizira ana amenewo, ndipo ndimatsika kawirikawiri kukagwira anga pachifuwa kuti ndimve akupuma.

Za tulo

Chinthu chimene chimaphwanya mabanja pa nyanja ndi tulo. Akuluakulu awiri okha ndiye kuti palibe amene amagona maola opitirira atatu motsatizana, kwa masabata awiri, ndipo kukacha ana amadzuka ndi mphamvu zawo zonse akufuna phala, akufuna nthano, akumenyana chifukwa cha kachidole. Munthu wosagona amapsa mtima ndi zazing'ono, amaiwala kutseka gasi, amaona magetsi a sitima pamene pali nyenyezi. Ine ndinakalipira wamng'ono chifukwa chotaya kapu ya madzi mpaka anakabisala mu kabedi kake, ndipo zimandiwawabe. Kubwerera kwathu tinatenga munthu wachitatu wodziwa boti, kusiyana kwake kunali kwakukulu zedi, aliyense amagona maola 6.

Ndiye achemwali, yankho langa ndi ili. Musavomere tsopano, musakanenso. Auzeni amuna anu kuti mukufuna kaye kosi yoyendetsa boti, ku Durban masukulu ake alipo, mukaphunzire kwa mphunzitsi wina osati iwowo chifukwa mwamuna kuphunzitsa mkazi wake zimathera mkangano. Kenako muyende ndi ana ulendo wa usiku umodzi kapena uwiri, ngati wa ku Richards Bay, muone mmene matupi awo akuchitira, ndipo gombe la pakati pa Durban ndi Cape Town ndi loopsa kuposa Atlantic yeniyeniyo, chigawo chimenecho ana apite pa msewu. Pa boti pakhale ukonde kuzungulira mmbali monse, mwana asatuluke panja opanda jekete yoyandamitsa ndi chingwe, wamkulu aliyense usiku adzimangirire ndipo asapite kutsogolo mnzake asanadzuke. Mankhwala a ana mukakambirane ndi dokotala, akulembereni milingo yake pa pepala molingana ndi kulemera kwa mwana aliyense. Munthu wachitatu mumupeze. Akakana chimodzi mwa izi, makamaka choyambacho, musakwere.

Amayi anu muwaimbire, musakangane nawo ngati mmene ndinachitira ine. Anga ndinawaimbira tili ku Salvador, nangula atangogwira pansi, ndinawapatsa wamkulu foni kuti awauze yekha za nsomba zouluka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndipatse amako, ndipo anandifunsa ngati ufa unakwana.