Kulankhula pa Teams muli m'chipinda cha lendi ku Rosettenville

Mtsikana wina wa chaka chomaliza pa yunivesite ya UNISA wandilembera kuchokera ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg. Mwezi wamawa akafotokoza za kafukufuku wake pa Microsoft Teams, pulogalamu yochitira misonkhano pa intaneti, kwa mphindi 15. Aphunzitsi awiri ali ku Pretoria, wachitatu ali ku London. Amakhala m'chipinda chimodzi ndi akulu ake komanso ana awiri. Funso lake ndi lakuti: "Ndakonza ma slide 32, kodi akwana?"

Achemwali, achuluka. Mutsale ndi 8 kapena 10, iliyonse mfundo imodzi, zilembo zikuluzikulu. Koma nkhawa yanga sili pa ma slide, ili pa mawu anu.

Nkhope ikamaoneka mwachimbuuzi anthu amapirira, koma mawu akamadukaduka amasiya kumvetsera n'kuyamba kuwerenga ma email awo. Maikolofoni ya laputopu sisankha: imatola hutala ya taxi pamsewu, wailesi ya aneba, ngakhale mwana wolirira tiyi. Timahedifoni ta foni tija, tawaya tokhala ndi kamaikolofoni pafupi ndi pakamwa, ndi tokwanira. Tsekani windo, kokani makatani, khalani pafupi ndi bedi chifukwa matilesi ndi mabulangete amameza phokoso. Ngati ndi nyengo ya mvula ndipo akulolani kusankha nthawi, pemphani m'mawa. Mukuidziwa mvula ya ku Joni kuno: imabwera masana ndi ziphaliwali, ndipo matalala akagunda malata, ngakhale inu eni simudzimva.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi bata. Onse amakhala pa mute, atatseka maikolofoni awo, palibe wokuyankhani "eya", ena azimitsa kamera. Mtima umayamba kugunda, mukuganiza kuti mwadulidwa, ndiye mukungofunsa "mukundimva?" kangapo konse. Funsani kamodzi poyamba, basi. Akakufunsani funso dikirani masekondi awiri musanayankhe, popeza mawu amachedwa panjira ndipo mungadule mphunzitsi pakamwa. Polankhula yang'anani kadiso ka kamera, osati nkhope yanu pa sikirini. Kwezani laputopu pa mabuku kuti kadisoko kalingane ndi maso anu, ndipo kuwala kuchokere kutsogolo. Windo likakhala kumbuyo muoneka ngati chithunzithunzi.

Pogawana sikirini sankhani ma slide okha. Ine tsiku lina ndinaonetsa sikirini yonse, uthenga wa pa WhatsApp wa mlamu wanga wokumbutsa za ngongole n'kutulukira pakona anthu onse akuona. Ndinachita kusowa polowa.

Nthawi nayo itsimikizeni. Johannesburg ndi Lilongwe wotchi ndi imodzi, koma London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Funsani ngati nthawi yomwe akupatsani ndi ya kuno.

Za magetsi musadalire mwayi. Onani pa EskomSePush, pulogalamu ya pa foni yosonyeza nthawi yozima magetsi, tchajani laputopu ndi foni, gulirani data kuti Wi-Fi ikafa mulumikize ku hotspot ya foni. Tumizaninso ma slide anu ngati PDF dzulo lake, kuti zikavuta muzingonena kuti "tsegulani tsamba 5" iwo n'kumatsatira.

Sabata ino dzijambuleni kawiri mukulankhula, wotchi ili pambali, kenako mumvetsere ngakhale zikuchititseni manyazi. Akulu anuwo auzeni lero lomwe kuti tsikulo adzatenge ana kokayenda kwa ola limodzi.