Wanganso anayamba ndi kudzandira ndi maso ofiira

Amayi a mwana wa zaka 4 uja amene akudzandira poyenda ndipo maso ake sakusiya kufiira, ndawerenga zimene munalemba mpaka manja kunjenjemera. Wanga wamkazi anayamba chimodzimodzi. Anayenda pa nthawi yake, koma ankapepesuka ngati woledzera, akaima chilili thupi limagwedera. Chifuwa ndiye osanena, chibayo kawirikawiri. Kuchipatala amangotipatsa mankhwala odontheza m'maso, X-ray, mapiritsi, bwererani. Dokotala wina anandiuza osandiyang'ana n'komwe kuti ndikumulera moyipa, mwanayo ndi waulesi chabe.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi la chinkhoswe cha mlamu wanga. Mwana ali ndi zaka 6, ndamuveka diresi yachikasu, wanyamula mbale ya mpunga kupita kwa agogo ake, akufuna awaonetse kuti amatha. Anagwa pakati pa bwalo, mpunga mbwee pamchenga, mlomo wang'ambika. Ndisanamudzutse apongozi aimirira, chitenje m'chiuno, n'kunena anthu onse akumva kuti ndinamuika mwanayo chizimba kuti geni yanga ya kaunjika iziyenda. Ati kwawo kulibe magazi otere. Bambo ake anangoweramitsa mutu. Mwana akulira akundifunsa kuti amama chizimba n'chiyani. Ndinamubereka kumbuyo, msinkhu wonsewo, mpaka pa depoti, magazi akudonthera pa bulauzi yanga.

Yankho tinakalipeza ku Johannesburg kumene kuli achimwene anga, nditakana kumva zoti adzasintha akamakula. Anamuyeza puloteni ya m'magazi yotchedwa AFP, inapezeka yokwera kwambiri, kenako anayeza majini (ma gene, malangizo a m'thupi amene timatengera kwa makolo). Dzina la matendawa ndi ataxia-telangiectasia. Anandifotokozera motere: DNA, chingwe chopota pawiri chosunga majini m'maselo athu, imaduka tsiku ndi tsiku, ndipo ikaduka zingwe zonse ziwiri pali enzyme (mtundu wa puloteni) yotchedwa ATM imene imaliza belu, kuimitsa selo kuti lisagawikane ndi kuitana zosoka. Mwana wanga ATM yake sigwira ntchito. Ndiye maselo a kunkhongo kwa ubongo, ku cerebellum kumene kumawongolera kayendedwe, amafa pang'onopang'ono ndipo samereranso. Kufiira kuja si matenda a maso ayi, ndi timitsempha totanuka. Chitetezo cha thupi chimakhalanso chochepa, n'chifukwa chake chibayo chija. Ndipo ana otere cheza champhamvu ngati cha X-ray chimawavulaza kuposa anzawo, khansa ya m'magazi imawapezanso msanga. Nditamva zimenezo ndinayamba kuwerenga ma X-ray onse amene anamujambula, ndinalira.

Jini yopanga ATM anaipeza mu 1995, gulu la Yosef Shiloh ku Tel Aviv, ili pa chromosome 11, umodzi mwa mitolo ya DNA m'selo. Koma chimene chinandikhudza ine ndi ichi: mwana amadwala pokhapokha walandira jini yolakwika kwa amayi NDI kwa abambo. Makolo onse awiri amakhala bwinobwino, ndipo pa mimba iliyonse mpata ndi 1 mwa 4. Ndiye magazi aja apongozi amati kwawo kulibe, theka lake linachokera kwa mwana wawo yemwe. Pepala ndinawatumizira. Mpaka lero sanapepese, ndipo ine pakhomo pawo sindinapondepo.

Inu musatengere ine, achibale musakangane nawo, mudzawafuna, kulera mwana wotere wekha n'kowawa. Komanso musathamangire kuti wanu ndi zomwezi chifukwa mwawerenga pa Facebook, zodzandiritsa mwana n'zambiri, mverani madokotala. Koma akakuuzani kuti dikirani akule, musadikire. Pemphani dokotala wa ana, tchulani AFP, auzeni za chifuwa ngati chimabwerabwera, ndipo X-ray kapena CT (makina enanso ojambula m'thupi ndi cheza) muzifunsa kaye ngati ikufunikadi. Mankhwala ochiza palibe, ndisakunamizeni. Zimene zatithandiza ndi mafizo, kuthamangira kuchipatala chifuwa chikangoyamba, ndi kumudyetsa modekha chifukwa amatsamwa. Wanga anakhala pa njinga ya olumala ali ndi zaka 10, pano ali ndi 13, amalankhula mochedwa koma nzeru zake zili bwinobwino, masamu amaposa mchimwene wake. Ndilembereni ku inbox ndikutumizireni mayina a zoyeza zonse monga anandilembera.