Ali ndi zaka 19 ku Joni, matric akuti adikire

Mtsikana wina wanditumizira imelo kuchokera ku Johannesburg. Ali ndi zaka 19, anasiyira Grade 10, wapita kukalembetsa matric ya akuluakulu (matric ndi mayeso omaliza sekondale ku South Africa, ngati MSCE kwathu kuno) amubweza ati ndi mwana. Ndiye akufunsa ngati angowonjezera zaka pa mapepala.

Mchemwali wanga, imelo yako ndayiwerenga katatu mtima ukundiwawa. Ine ndinasiyira Fomu 3 bambo atamwalira, fizi kunalibe, ndipo ndinatha zaka zisanu ndi zinayi ndikugulitsa mandasi pa depoti, chaka chilichonse ndikumati chaka chamawa ndibwerera, chaka chamawa ndibwerera, mpaka mwana wachiwiri anabadwa. Nditalowa sukulu ya madzulo ndinali ndi zaka 27. Makope anga ankanunkha mafuta okazingira, masamba ena amachita kuoneka mbuu chifukwa ndinkawerenga chiwaya chili pamoto. Desiki ndinkakhala ndi kamtsikana komwe ndinkakabereka kumbuyo kali khanda, kankanditchula kuti anti mkalasi momwemo. MSCE ndinalemba ngati external, palibe anandifunsa zaka, chinandichedwetsa ine ndi manyazi basi.

Koma zosintha zakazi ayi, usayerekeze. Msuweni wanga anachepetsa zaka ali ku pulayimale, makolo ndi amene anamupangira, lero satifiketi ikunena zina pasipoti ikunena zina ndipo ntchito yabwino inamudutsa pomwepo. Akulu timalakwa kwambiri pamenepa, timaona ngati tikumuthandiza mwana pomwe tikumutchera msampha. Nanga iwe uli kudziko la eni, pepala limodzi likangosemphana ndi linzake ukafotokozera ndani?

Komanso zimandipweteka kuti anthu a m'maofesi amangoti "bwerera" osamuuza mwana kuti khomo lina lilipo. Mwana wazipereka yekha kuti ndikufuna sukulu, mukumubweza ngati wabwera kudzapempha mchere!

Nanga lamulo likuti chani

Mayeso a matric ya akuluakulu aja dzina lake ndi Amended Senior Certificate, amalembedwa mu May ndi June, satifiketi imachokera ku Umalusi, bungwe la boma lopereka masatifiketi a mayeso amenewa. Amafuna munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba, wokhala ndi lipoti losonyeza kuti anakhoza Grade 9. Wa zaka 18 mpaka 21 amene sali pa sukulu atha kuloledwa, koma pakhale chifukwa chomveka komanso kalata yochokera kwa mkulu wa maphunziro wa province yake. Ndiye pita ku ofesi ya maphunziro ya district yako, tenga lipoti lako ndi pasipoti, ukapemphe chilolezo chimenecho polemba kalata, osangoyankhula pakamwa. Amene mapepala anu ndi a kumudzi monga JCE, ayambe adutsa ku SAQA, bungwe lomwe limaunika mapepala a sukulu ochokera m'maiko ena.

Akakukaniza, zaka ziwiri si zambiri. Maphunziro ake ndi asanu ndi limodzi, kalowe ku Community Learning Centre ya kufupi ndi kwanu uyambe kuwawerenga mwezi uno, ukadzalembetsa undilemberenso.