Agogo kugwadira mnyamata: ukulu wa amonke achibuda amauwerenga bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti anaona kanema wa ku Thailand pa Facebook: mmonke (munthu wodzipereka ku moyo wachipembedzo) wachibuda wokalamba, makwinya okhaokha, akugwada mpaka chipumi kugunda pansi katatu pamaso pa mmonke mnzake woti akhoza kukhala mwana wake. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi kumeneko ulemu unatembenuka?"

Amayi, sunatembenuke ayi, kungoti poyambira kuwerenga ndi pena. Kwa amonke a Theravada, nthambi ya Chibuda yofala ku Thailand, Sri Lanka, Myanmar, Laos ndi Cambodia, ukulu suyambira tsiku lobadwa. Umayambira tsiku limene munthu wadzozedwa kukhala mmonke wathunthu, ndipo zimenezo zimaloledwa akakwana zaka 20. Kuchokera pamenepo amawerenga nyengo za dzinja, zomwe m'chilankhulo cha malemba awo, cha Pali, amati vassa, a ku Thailand nkumati phansa. Ndi miyezi itatu ya mvula, cha mu Julaye mpaka Okutobala, pamene amonke amabindikira malo amodzi osayenda maulendo. Agogo munawaonawo mwina analowa atapuma pantchito, ali ndi madzinja 2 okha, pomwe mnyamatayo ali nawo 12. Tisadabwe kwambiri. Ndi angati mwa ife tili ndi amalume oti tinawabereka kumsana ali khanda, koma pamilandu ya banja timawatchulabe amalume?

Amonke awiri osadziwana akakumana amafunsana madzinja. Akafanana, amafunsana mwezi, tsiku, mpaka ola, nchifukwa chake pamwambo wodzoza amalemba nthawi yeniyeni. Kalelo ankachita kuyeza chithunzithunzi cha dzuwa. Wotsogola ndi mphindi zochepa ndiye mkulu basi. M'mawa akamapita kukalandira chakudya m'mudzi, opanda nsapato, mbale m'manja, mzere wonse umandanda potsata chiwerengero chimenechi. Wamng'ono amaitana mkulu kuti bhante, ngati kunena kuti "olemekezeka", ndipo mkulu amaitana wamng'ono kuti avuso, "bwenzi". Malemba awo amati Buddha, woyambitsa chipembedzochi, analamula zimenezi atatsala pang'ono kumwalira, chifukwa kale onse ankangoitanana avuso. Wamadzinja 10 amatchedwa thera, wa 20 mahathera. Koma ukavula mkanjo, kusiya umonke, nkudzabwereranso, madzinja ako onse apita, uyambiranso kumchira kwa mzere.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Upali. Iyeyu anali wometa tsitsi la ana a mafumu a fuko la Sakya, fuko la Buddha mwiniwake. Ana a mafumu asanu ndi mmodzi, mwa iwo Ananda, Anuruddha ndi Devadatta, ataganiza zolowa umonke anavula zibangili ndi mikanda yawo nkumupatsa Upali kuti abwerere nazo kumudzi. Iye anaopa kuti abale awo amupha pomuganizira kuti wapha anawo, choncho anapachika mtolowo mumtengo nkuwatsatira. Atafika kwa Buddha, ana a mafumu aja anapempha okha kuti wometayo ayambe kudzozedwa, kuti iwo azimugwadira, matama a fuko lawo aphwe. Taganizani, munthu amene dzulo unkamukodola ndi chala, lero ukumupatsa mpando. Upali yemweyo ndiye anadzakhala katswiri wa malamulo a amonke.

Apa ndi pamene ndimaona nzeru ya lamuloli. Chuma, mtundu, maphunziro, ngakhale kuyera mtima, anthu akhoza kukanganirana mpaka dzuwa kulowa. Tsiku lodzozedwa palibe angalitsutse. Ndipo kugwada sikutanthauza kuti wogwadiridwayo ndiye wanzeru kuposa: mkulu akhoza kuphunzira kwa wamng'ono popanda chovuta. Anthu wamba onse, ngakhale mfumu ya Thailand, amagwadira mmonke, iye osabweza.

Pali mbali ina imene sindingakubisireni, poti mwafunsa ndinu mayi. Malamulo akalewo amati sisitere wachibuda, ngakhale atadzozedwa zaka 100 zapitazo, azigwadira mmonke wamwamuna amene wadzozedwa tsiku lomwelo. Apa chiwerengero cha madzinja chija chimathera panjira. Akatswiri ena amakayika ngati lamuloli linachokeradi kwa Buddha, ndipo mkangano wake ukadalipo. Ine, nditamva za Upali, limandivuta kulimeza.