CX-5 ya dizilo kapena Surf ya 1KZ? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa abambo ena a ku Area 25. Mwachidule akuti asonkhanitsa kandalama ndipo akufuna galimoto ya dizilo poti anamva kuti siimwa mafuta ngati ya petulo. Maso awo ali pa ziwiri, Mazda CX-5 ya 2.2 ya 2013 yongofika kumene kuchokera ku Japan, ndi Toyota Surf yakale ya injini ya 1KZ yomwe akugulitsa mnzawo. Ntchito amagwira ku City Centre, kumudzi ku Ntchisi amapita mwa apo ndi apo. Funso lawo ndi loti ndi injini iti yomwe siidzawaliza.

Achimwene, ndiyambe ndi CX-5 poti ndikudziwa ndi yomwe yakukomerani m'maso, ma seat abwino, mkati mukununkhirabe Japan. Koma kwa mayendedwe anuwo ine ndikuti ayi. Galimoto imeneyi ili ndi DPF, kasefa kokhala mu ekizozi kogwira mwaye. Kakadzadza kamadziyeretsa kokha powotcha mwayewo, ndipo kuti zimenezi zitheke injini imapopera dizilo wowonjezera komanso imafuna iyende mtunda wautali yatenthadi. Tsono inu m'mawa uliwonse ndi Area 25 mpaka mtauni, theka la ulendo muli pa mzere kuponda buleki, mwafika mwazimitsa kuwotcha kuja kusanathe, mawa chimodzimodzi, ndiye dizilo uja amatsetserekera mu oyilo. Mukasolola dipstick mupeza oyilo akukwera mmalo motsika, ena mpaka amasangalala ati galimoto yanga siidya oyilo, osadziwa kuti wasungunuka ngati phala la mwana. N'chifukwa chake dipstick yake anaikapo chizindikiro cha X pamwamba pa full, akafika pamenepo ndi wotaya basi. Oyilo wotere amapha ma turbo, ndipo injiniyi ili ndi awiri. Onjezani mwaye womwe umamatirira mu EGR (kavavu kobweza utsi wina mu injini) ndi mu intake molowera mpweya, komanso imafuna oyilo wake wa low ash, wosasiya phulusa lambiri, osati aliyense amene mwamupeza wotchipa.

Ena akuuzani kuti tingochotsa DPF yo. Zimachitika inde, koma ngati sanakonze ndi za mu kompyuta mudzangoona magetsi a pa dashibodi ngati Khrisimasi.

Surf ija nayo musaione ngati mngelo. 1KZ ndi 3.0 turbo yomwe inayamba kutuluka mu 1993, ndiye galimoto imeneyo zaka 20 inadutsa kalekale. Pansi pake ndi yolimba zedi koma nthenda yake makaniko aliyense ku Biwi amaidziwa, hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini. Hedi yake ndi ya aluminiyamu, ikangoboyila kamodzi kawiri imang'aluka, ndipo geji yake ya kutentha ndi yaulesi, imakhala pakati phee mpaka zinthu zitaipa kale. Funsani mnzanuyo mosapsatira mawu kuti hedi inasinthidwapo liti, redieta ndi ya liti, fani ikugwira? Timing belt yake imasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ngati sakukumbukira tsiku lomwe anasintha dziwani kuti ndalama yake ituluka m'thumba mwanu. Chabwino chake n'choti makaniko ambiri kuno amaidziwa ngati chikhatho chawo ndipo masipeya sasowa.

Poti nkhani yafika apa nditchulekonso zina zomwe zadzadza pamsika. ZD30 ya Nissan, makamaka zoyambirira zija, inatchuka ndi kung'ambika ma piston. YD25 ya mu Navara D40 mvetserani timing chain ikamalira m'mawa. 1KD ya mu Hilux ndi Prado, mawasha a pansi pa mainjekita akayamba kudontha mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka kasefa ka mu sump, mokhala oyilo pansi pa injini, injini kunoka muli pa msewu. Ford Ranger ya 3.2 ili ndi kachinthu kena kodabwitsa, pochotsa oyilo sipafunika kudutsa mphindi 10 musanathire watsopano, apo ayi pampu imalephera kukoka. Ndiye ganizani mnyamata wa pa galaja watsegula sump n'kupita kukadya chips.

Koma chomwe chinandiliza ine si mtundu wa injini ayi. Nthawi ija mafuta anasowa tinkagona pa mizere, ndinatopa n'kugula zigubu ziwiri kwa anyamata ena m'mbali mwa msewu. Dizilo ooneka bwinobwino. Patatha masiku atatu pikapu yanga inayamba kunjenjemera, utsi woyera, kukwera kamtunda kakang'ono ngati yanyamula matumba a simenti. Makaniko wanga atamasula fyuluta n'kukhuthulira mu botolo la madzi akumwa, tinaona ndi maso madzi atakhala pansi dizilo ali pamwamba, mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula. Mainjekita onse anayi anapita. Injini zamakono za common rail zimapopa mafuta ndi mphamvu yopitirira 1,500 bar, kadontho ka madzi kapena parafini sizipirira, pamene zakale za Toyota ngati 3L ndi 5L zimangotsokomola n'kupitiriza ulendo. Ndiye galimoto iliyonse yomwe yayenda kale kuno, dzifunseni kuti inamwa chani nthawi imeneyo.

Tsiku lokaona galimoto pitani m'mamawa ndi makaniko wanu, osati wa ogulitsa, ndipo muwauziretu kuti asailize. Gwirani injini ndi dzanja, mukapeza yofunda kale pali chomwe akubisa. Ikalira onani utsi, masulani chotsekera oyilo n'kuchisiya pomwepo, chikamavina n'kumatuluka utsi wambiri ma ring atha. Suzumirani mu kabotolo ka madzi a redieta ngati mukutuluka thovu. Kenako osangozungulira pa Crossroads n'kubwerera, thirani mafuta anuanu muitengere msewu wa ku Dedza ikakwere mitunda yatentha, pamenepo 1KZ siinama.

Mukati ndisankhe pa ziwirizo ndingatenge Surf ngati yapambana mayeso amenewa, n'kusungako ndalama ya redieta yatsopano ndi timing belt ija. Koma zoona zake achimwene, Ntchisi ya kamodzi pakanthawi ndi mzere wa tsiku lililonse, CX-5 yomweyo ya petulo ya 2.0 ilipo, mukaioneko musanapereke dipoziti.