Musanathamangire kulembetsa kampani, achemwali

Achemwali, mwati inu ndi anzanu awiri mwasonkherana mpamba woti muzikaoda katundu ku Mozambique kudzera pachipata cha Dedza, ndipo mukufunsa ngati mulembetse kampani, gulu, kapena muzingoyenda chomwecho. Ine si loya, koma geni ya pachipata ndi imene imandidyetsa, ndiye ndikuuzani momwe zimakhalira.

Pachipata salabadira za chinzake. Ofesala wa MRA, bungwe lotolera msonkho, amafuna dzina limodzi papepala la katundu, ndi TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya dzina lomwelo. Msonkho ukaperewera kapena katundu akagwidwa, woitanidwa mu ofesi ndi mwini dzinalo. Ndiye posankha mtundu wa bizinesi, funso lenileni n'lakuti zinthu zikavuta adzalipira ndani, ndipo adzatapa m'thumba liti.

Ambiri a ife, kuyambira pa Dedza mpaka ku Lizulu ndi ku Tsangano, tinalembetsa bizinesi ya munthu mmodzi. Umalembetsa dzina ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi (kwa Registrar) motsatira lamulo la Business Registration Act la 2012, ndipo masiku ano zimatheka pa intaneti. Kenako umatenga TPIN ku MRA, ndi layisensi ya kukhonsolo ngati uli ndi shopu. Satifiketi ikatuluka, banki imakutsegulira akaunti m'dzina la bizinesi. Ndi yotchipa, phindu ndi lako, palibe wokufunsa. Koma pamaso pa lamulo iwe ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi. Ukalephera kubweza ngongole ya katundu, wokongoza akapita kukhoti sadzathera pa zimene zili m'shopu. Njinga yamoto, ng'ombe, ngakhale mbatata ya kachewere yomwe wakumba, zonse angathe kuzifikira.

Zimene mukufuna kuchita atatunu zili kale ndi dzina m'malamulo: partnership. Mulembetse kapena musalembetse, mukangoyamba kuchitira geni limodzi n'cholinga chogawana phindu, mwalowamo. Apa ndi pamene ndaona maubale ambiri akutha. Mnzanu akakatenga mabelo a zitenje pangongole ku Tete m'dzina la geni yanu, ngongoleyo ndi ya nonse, ngakhale inu tsikulo munali kumaliro. Iye akasowa, mwini katundu adzagogoda pakhomo panu, ndipo safunsa gawo lanu lokha ayi.

Tadzaimani pachipata lole ya amalonda ikamatsitsa. Makatoni a mafuta ophikira, matumba a ufa wa tirigu, aliyense walemba zilembo za dzina lake ndi maka wakuda pakona ya katoni. Eni ake alipo asanu kapena asanu ndi mmodzi, koma ejenti wokonza mapepala a msonkho walemba zonse m'dzina la mayi mmodzi amene ali ndi TPIN. Ofesala akatsegula katoni n'kupeza zomwe sizinalembedwe, zilembo za maka zija sizimuuza kanthu. Chindapusa chimagwera mayi uja, anzake ataima poteropo akunamizira kuyankha foni.

Choncho lembani mgwirizano musanakwere galimoto, ngakhale m'kope la sukulu, asayine onse pamaso pa mboni. Mulembemo kuti wina waika zingati, ndipo ngati waika meticais, mwawerengera pa mtengo wa tsiku liti, chifukwa osintha ndalama pachipata mtengo wa m'mawa si wa madzulo. Mulembe wopita kukaoda ndani, thiransipoti, malo ogona ndi nsima yake zichokera pati, phindu mugawana liti, ndi ngongole yaikulu bwanji imene mmodzi sangatenge popanda anzake. Musaope kulembanso za imfa ndi za wofuna kutuluka. Anthu amati n'kulodzana, koma tsiku limenelo abale a malemu amabwera ndi masamu awoawo. Ndipo ngati mpamba wa wina wachokera kwa bambo akunyumba, zidziwike lero lomwe, kuti mawa asadzatulukire ngati mwini geni wachinayi.

Kampani ya limited ndi nkhani ina. Imalembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013, ndipo imakhala ngati munthu payokha: ili ndi TPIN yake, katundu wake, ngongole zake. Inu mumangokhala ndi masheya, ndipo ikagwa mumataya zimene munaikamo basi. Zikumveka zokoma, eti? Koma chaka ndi chaka mumayenera kupereka malipoti kwa Registrar, mabuku a ndalama azikhala olongosoka, ndipo phindu limadulidwa msonkho wa 30 peresenti. Ndalama ya kampani simungangotapa kuti mulipire fizi ya mwana popanda kulemba. Komanso mabanki si ana: kampani yaing'ono ikafuna ngongole, amauza eni ake kuti asayine okha kapena apereke chikole chawo, ndiye chitetezo chija chimachepa. Ine ndimati kampani idikire mpaka mutayamba kudzaza lole nokha, kapena mutapeza oda yoperekera katundu kusukulu kapena kusitolo zazikulu za ku Lilongwe.

Kopaletivu atatu simungakwane, imafuna anthu osachepera 10, ndipo imalembetsedwa ku unduna wa zamalonda. Membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya waika zambiri kaya zochepa. Imawayanja alimi a kachewere ndi nyemba ofuna kugulitsira pamodzi, osati geni yofuna kugamula mtengo uli chiimire pamsika. Za bungwe losapanga phindu musaziganizire n'komwe, phindu silololedwa kugawana. Cross Border Traders Association of Malawi lowani, imatiyankhulira, koma siilowa m'malo mwa satifiketi yanu. Banki mkhonde nayo ndi yokongozana ndalama chabe.

Satifiketi ya ku Malawi mphamvu yake imathera pachipata. Kuwoloka pa Calomue kukaoda ku Ulongwe palibe vuto, koma kutsegula shopu kumeneko kumafuna mapepala awo, kuphatikizapo nambala yawo ya msonkho yotchedwa NUIT. Mudzamvanso anthu akutchula STR, ndondomeko ya bungwe la zamalonda la maiko la COMESA, yomwe imapeputsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono. Dziwani kuti Mozambique siili mu COMESA, ndiye musawerengere zimene anzanu a pachipata cha Zambia ku Mchinji amakuuzani. Mbewu monga chimanga ndi soya kuti zituluke m'dziko zimafuna chilolezo cha boma, kaya ndinu kampani kaya ndinu nokha.

Kukhala ine, ndikanalembetsa partnership m'maina a nonse atatu, TPIN ikhale ya bizinesiyo, akaunti ikhale yoti ndalama isatuluke popanda awiri kusayina. Mukatero pitani ku ofesi ya MRA pa Dedza ndi mndandanda wa katundu amene mukufuna, akuwerengereni msonkho wa chilichonse musanasinthe ngakhale kwacha imodzi.